Tsiku Limene Kompyuta Yanga Inafa

Tsiku lina m'mawa ndinadina batani la kompyuta yanga yakale, koma inangoti zii. Mtima unandigunda, pakuti m'menemo munali maina a anthu onse angongole a m'golosale yanga.

Pamene mmisiri anaitsegula, anandionetsa bolodi lalikulu lotchedwa motherboard, limene limalumikiza ziwalo zonse za makinawo. Pabolodipo panali tizitini tinayi totupa pamwamba ngati zitumbuwa. "Bambo, ili lafa," anatero, "koma zolemba zanu zimasungidwa mu hard disk, ndipo iyo njamoyo."

Kupeza lina inali ntchito. Purosesa yanga imakhala pamalo otchedwa LGA 775, amene kampani ya Intel inatulutsa m'chaka cha 2004, ndipo mabolodi otere ngosowa lero. Ndinayenda masiku atatu, kufikira ndinagula logwirapo kale ntchito, lofanana ndi lakufalo. Mmisiriyo anati ndiyambe ndagwira chitsulo cha bokosi ndisanakhudze kanthu, popeza magetsi a m'thupi amaononga zida. Ndinaseka, koma ndinamvera.

Titalumikiza mawaya onse, fani inazungulira ndipo zilembo zinaoneka. Pamwamba penipeni panali dzina la alamu anga, amene dzulo lake anali atalumbira kuti analipira kale.