Khirisimasi yotsiriza ya nyumba ya nsichi

Kwathu, kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, munthu amadziwira pa makoma kuti Khirisimasi yayandikira. Kukatsala sabata imodzi, amayi ndi atsikana amatsikira kudambo ndi madengu kukakumba mtsiro. Pofika pa 24 Disembala nyumba iliyonse imakhala yozira, yokhala ndi lamba wakuda m'munsi ndi maluwa ojambula pakhoma. Ndili mwana ndinkaona ngati ntchitoyi ndi masewera. Ndidadziwa kulemera kwake mu 2023, chaka chomwe ndidazira komaliza nyumba ya agogo anga aakazi.

Nyumbayi inali yokhayo ya nsichi yomwe idatsala m'mudzi mwathu. Malemu agogo aamuna adaimanga chaka chomwe amayi anga adabadwa. Adazika mitengo mondondozana, naimanga ndi mbalo pogwiritsa ntchito luzi la mombo, kenaka amayi a m'mudzi adamata matope mkati ndi kunja. Phaso linali la nsungwi, denga la udzu, ndipo pakati padaima mzati wa muwanga, mtengo womwe chiswe chimaulephera. Mitengo yonseyi adaidula paphiri la kuseri kwa mudzi, ulendo wosatha ola limodzi.

Chaka chimenecho ndidafika kuchokera ku koleji pa 20 Disembala. Ndidatsika minibasi pa Mponela n'kukwera kabaza. Ndidali nditalonjeza agogo kuti ndibwera ndi penti, koma mu Novembala ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya katundu m'sitolo idakwera. Ndalama zanga zidangokwanira timapepala tonyezimira ta pulasitiki ndi paketi ya shuga. Ndidachita manyazi popereka, koma agogo adaseka.

"Mkazi mnzanga," adatero, poti ndi momwe amanditchulira mwanthabwala, "penti pakhoma la dothi amasupuka ngati khungu la njoka. Tenga khasu."

Usiku womwewo ndidamva kuti amalume agamula zogwetsa nyumbayo mvula ikatha. Njerwa zinali zitaotchedwa kale ndipo malata ena adali atagula. Agogo adavomera, koma adapempha kuti aidyere Khirisimasi ina imodzi ili yokongola ngati kale.

M'mawa mwake tidayamba kusonkhanitsa mitundu. Makande akuda tidakatapa kudambo. Katondo wofiira ali ponseponse kumitunda ya kwathu, koma dothi loyera limapezeka pagomo limodzi lokha m'mbali mwa mtsinje, ndipo tidayenda mtunda wautali kuti tikalipeze. Agogo adasinja makala n'kuwasakaniza ndi makande kuti lamba wa m'munsi adere bwino. Adandiuza kuti masiku omwe wailesi iliyonse inkayendera mabatire, atsikana ankaswa akutha n'kutenga zakuda zam'kati. Tidasefa dothi lililonse, kulinyika m'madzi usiku wonse, kenaka n'kuyamba kumata ming'alu.

Kuzira pansi ndiye kudandiliza. Umagwada, n'kupaka mtsiro ndi chikhatho mozungulira ngati uta, ukubwerera chafutambuyo kulunjika kukhomo kuti usaponde pomwe wazira. Pakayamba kuuma umatenga nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, n'kumakhula mpaka pansi patawala. Nkhulungo ya agogo idali ya amayi awo, ndipo idadyeka mbali imodzi. Pofika masana mawondo anga adali atanyuka. Agogo, omwe maso awo adayamba kuchita chidima, ankapapasa ndi dzanja n'kundiuza kuti, "Apa wabera." Ndikayang'anitsitsa ndinkapeza kuti akunena zoona.

Pa 23 Disembala ndidajambula maluwa ndi kansanza komangirira kukamtengo. Ndidalemba "Khirisimasi Yabwino 2023" pakhoma loyang'ana kunjira, ndipo ana adasonkhana kudzawerenga. Usiku kudagwa chimvula champhepo. Kutacha, khoma lonse la mbali imeneyo lidali mizeremizere yofiira ndi yoyera, zilembo zitatsikira pansi. Makoma ena atatu adali bwinobwino. Agogo adandilozera m'mwamba. Udzu wa khonde la mbali imeneyo udali waufupi, chifukwa wofolera adauchepetsa mu Okutobala poti mitolo sidakwane. Adati nyumba ya dothi imakongola ngati denga lake laiphimba mokwanira, ndipo amene akufuna maluwa a Disembala ayenera kumweta udzu wambiri mu Juni. Tidapempha mitolo iwiri kwa anansi, msuweni wanga adakwera n'kuwonjezera, ndipo ndidajambulanso.

Pomatanso khomalo ndidapeza chomwe amalume ankanena. Nditakanikiza ndi dzanja, dothi lidalowa m'kati. Nsichi zitatu zidali zitadyedwa ndi chiswe, kungotsala makungwa. Kale akadangopita kuphiri kukadula zina. Lero phirilo ndi minda ya chimanga ndi soya mpaka pamwamba. Mitengo yake idathera ku zigafa za fodya, ku makala ndi ku nkhuni. Mitengo yachilengedwe yochuluka idatsala m'nkhalango ya Ntchisi, yomwe ndi yotetezedwa kuyambira mu 1924, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 sililola kudulamo mtengo popanda chilolezo. Omanga masiku ano amagula bulugamu, yemwe chiswe chimamudya m'zaka zochepa akazikidwa pansi, ndipo m'malo mwa luzi amamangira linya lochokera m'matayala. Ndidaganiziranso uvuni wa njerwa za amalume. Kuti upse, udadya mitengo iwiri ya mango yomwe tinkakhala pansi pake tili ana.

Komabe sindidathe kuwatsutsa amalume. Agogo sangathenso kusenza udzu chaka ndi chaka. Ife adzukulu amene tikadawathandiza tili kusukulu ndi kutauni, ndipo timabwera Khirisimasi yokha kudzasirira. N'kosavuta kukonda nyumba ya udzu pamene suli iwe wogona momwe mukudontha.

Tsikulo lidafika nyumba ili mbee! Timapepala tanga tonyezimira tidatipachika pamzati, pamodzi ndi nyuzipepa zomwe ana adadula ngati unyolo. Tidayala mphasa yatsopano. Pochokera kutchalitchi cha CCAP, amayi a chigwirizano adapatukira kwathu, ndipo mmodzi adavula nsapato asanaponde pakhonde. Tidadya mpunga ndi nkhuku, thobwa likuzungulira m'chipanda, agogo atatsamira mzati wa amuna awo.

Nyumbayo idagwetsedwa mu Julayi 2024. Mzati wa muwanga udatuluka wamphumphu, ndipo amalume adauzika pakati pa khitchini yatsopano. Agogo tsopano amagona m'nyumba ya malata yosadontha, ngakhale amadandaula kuti mu Okutobala mumatentha ngati m'ng'anjo. Pansi pake ndi pa simenti, choncho sipafunika kuzira. Koma khitchini ndi ya zidina, ndipo Disembala aliyense amanditumizira uthenga pafoni ya msuweni wanga wondikumbutsa kuti dothi loyera lili kutali, ndifike msanga. Nkhulungo ija adandipatsa, ndipo imakhala m'chikwama changa cha mabuku mpaka tsiku lopita kumudzi.