Nyumba Yosalola Ana

Kwathu ku Ndirande tilipo anthu khumi ndi mmodzi m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo asanu mwa ife ndi ana osakwana zaka khumi. Ambiri mwa iwo ndi a alongo anga awiri amene maukwati adawakanika nabwerera kwa amayi. Amene adakulira m'nyumba yotere akudziwa kuti buku silikhalitsa patebulo lisanapakidwe phala, ndipo bolopeni ukaisiya m'mawa umakaipeza madzulo itatafunidwa. Ine chiyambire sukulu sindidasirirepo suti kapena galimoto. Chimene mtima wanga unkafuna chidali chipinda choti ndikatseka chitseko, phokoso litsale kunja.

Chaka chatha zotsatira za mayeso zitatuluka, dzina langa lidapezeka pa mndandanda wa olemba sapu. Inu anzanga a pa Chirunga simulira kukufotokozerani tanthauzo lake. Ukagwanso kachiwiri chaka chapita, ngongole ya fizi nayo ikungokulirakulira, ndipo kumudzi akuyamba kunong'onezana kuti mwana uja ku Zomba adapitira zina. Ndidali ndi masabata awiri okha, koma masiku anayi oyamba adathera kuletsa ndewu ndi kupukuta mamina a ana a eni.

Mwayi udadzera mwa amalume amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo adabwera kutchuthi mwezi wa Ogasiti pamodzi ndi akazi awo, atalipiriratu pa foni nyumba ya alendo ku Cape Maclear kwa sabata yathunthu. Atangogonamo usiku umodzi kudagwa zovuta kuchipongozi kwawo ku Ntcheu, ndipo eni nyumba adati ndalama zikalowa sizituluka. Ndiye adandiimbira.

"Iwe, za mayeso akowo ndamva. Nyamula mabuku ako upite kunyanja, dzina lako ndalisiya pageti. Ndalama zanga zisapite pachabe."

M'mawa mwake ndidakwera minibasi kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka pamphambano ya kufupi ndi Monkey Bay. Kuchokera apo adanditenga wa kabaza wa njinga yamoto, kukhotakhota m'mapiri a miyala ikuluikulu, anyani atangoti ndundundu m'mbali mwa msewu. Mapiriwo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, nkhalango yotetezedwa imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Titatsika phiri lomaliza ndidaona mudzi wa Chembe utatambalala m'mbali mwa madzi, zilumba za Thumbi ndi Domwe zili poteropo. Dzina lakuti Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, koma eni mudzi mukawafunsa kwawo amangoti ku Chembe.

Nyumbayo idali kumapeto kwa mudzi, m'kati mwa mpanda wa njerwa. Idali imodzi koma yogawidwa panayi, monga mafulati a m'tauni, gawo lililonse ndi khomo lake, chipinda chogona, pabalaza, kakhitchini, bafa ndi khonde loyang'ana kunyanja. Alonda adayamba andiyang'ana nsapato, kenaka chikwama, nandifunsa ngati ndabwera kudzagulitsa zosemasema. Nditatchula dzina la amalume adagwira chipewa, nandilandira chikwama chija ndi manja awiri. Kuseri kwa chitseko kudali pepala la malamulo, lolembedwa m'Chingerezi chokhachokha. Lamulo loyamba lidati malowo ndi a akuluakulu okha, ana saloledwa. Lachiwiri lidaletsa wailesi ndi nyimbo pakhonde. Ndidawerenga kawiri, ndipo sindikubisirani, ndidaseka ndekha ndi chimwemwe ngati munthu wotola ndalama panjira.

Usiku woyamba tulo tidandithawa. Bedi lidali lalikulu loti kwathu tikadagonapo anayi, neti yopanda chibowo n'chimodzi chomwe, koma ndidangoti maso tong'o. Ndinkamva firiji ikung'ung'udza, mafunde akumenya mchenga, ndi mtima wanga womwe. Kwathu nyumba imati zii pokhapokha ngati muli matenda aakulu kapena kwagwa maliro, tsono thupi langa lidakana kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Pakati pa usiku ndidatuluka pakhonde n'kuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati tauni ina. Pamenepo ndiye mtima udakhala m'malo, poona kuti pali anthu ena amene ali maso.

Koma kuyambira tsiku lachiwiri batalo lidayamba kundigwirira ntchito. Ndinkadzuka nkhwazi zikulira, kuwiritsa tiyi, n'kukhala pansi mpaka dzuwa litafika paliwombo. Mitu imene idandizunguza teremu yonse idayamba kumasuka umodziumodzi. Ndidazindikira kuti si nzeru zidandichepera, koma kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikuwerenga ndi khutu limodzi lili kwina. Madzulo ndinkawongola miyendo. Tsiku lina ndidakafika kumanda a amishonale a ku Scotland, amene adafika pamalopo mu 1875 pa sitima ya Ilala nayambitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo adawapulula, ndipo pofika 1881 adasamukira ku Bandawe. Pobwerera ndidadzera m'mudzi, m'mene ana adali ponseponse ngati nyerere: ena akusambira, ena akuingitsa ntchentche pa thandala la usipa, ena akutsata alendo ndi moni wa Chingerezi. Nditalowa pageti, alonda n'kutseka, zonse zija zidazima ngati wina wathimitsa wailesi.

Tsiku lachitatu ndi pamene ndidayamba kumva kulira kwa khanda. Kunkachokera kuseri kwa mpanda, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndiponso cha m'ma thuu. Kukangoyamba, amayi amene ankasesa ndi kuchapa m'nyumbamo ankatsamiritsa tsache kukhoma nazimirira, ndipo posakhalitsa kuliraku kunkaleka. Ndidasuzumira pa zenera la kubafa. Pakageti ka kumbuyo, pamene amatulutsira zinyalala, padali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi katabereka mwana. Amayi aja adakhala pamwala kunja kwa mpanda, nayamwitsa maso ali kugeti, kenaka adamubwezera kumsana kwa mkulu wake nathamangira ku tsache lawo.

Masana ake ndidawafunsa.

"Amayi, mwana uja ndi wanu?"

Adadzidzimuka. "Wakusokonezani, achimwene? Pepani, ndimuuza azikhala naye patali."

Ndidati ayi, ndangofunsa. Adandiuza kuti mwanayo ali ndi miyezi isanu, bambo wake ali kunyanja ndi a chilimira ndipo amatha masiku osabwera, ndi kuti pakali pano zikutheka chifukwa sukulu adatsekera. Zoti adzatani akatsegulira sadanene, ine sindidafunsenso.

Lachinayi kudacha ndi mwera. Amene simudakhalepo kunyanja m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, mwera ndi mphepo yochokera kummwera, yozizira, imene imatukusa nyanja mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda. Mchenga unkauluka n'kumalasa kumaso. Kulira kuja kutayamba ndidapita pakageti, n'kupeza kamtsikana kaja katadzipanikiza kukhoma, chitenje chimodzi chomwecho chofunda iko ndi mwana yemwe, milomo itachita kutuwa. Sindidaganize kawiri. Ndidati, "Iwe, lowa, ukakhale pakhonde panga mpaka mphepo ithe." Kadayang'ana amayi ake. Amayiwo adatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma adangoweramitsa mutu. Lero ndikudziwa kuti sadavomere ayi. Adangosowa njira yokanira mlendo wa abwana awo.

Kamtsikanako ndidakapatsa tiyi ndi buledi, ndipo kwa ola limodzi ndidadziona ngati munthu wabwino kwambiri m'boma lonse la Mangochi. Kenaka mwana adayamba kulira, kulira kwenikweni kokokera mpweya, ndipo sadatonthole. Chitseko cha gawo loyandikana nalo chidatseguka. Ine ndinkayembekeza mzungu, koma adatuluka mayi wachikulire, Mmalawi mnzathu, atamanga duku. Sadakalipe. Adayang'ana mwana, nayang'ana ine, nalowera ku ofesi.

Akapitawo a malowo adabwera okha. Ndidafulumira kunena kuti mlandu ndi wanga, ndine ndidawaitana. Iwo adandimvetsera mwaulemu mpaka ndidatha mawu.

"Achimwene, tamvani. Anthu amabwera kuno kuchokera kutali chifukwa tidawalonjeza chinthu chimodzi, bata. Mlendo mmodzi akakalemba pa intaneti kuti pano pamalira ana, ena khumi sabwera. Akapanda kubwera, amayi amene mukuwamvera chisoniwa ndiwalipira chiyani? Pano timadyerapo anthu asanu ndi awiri."

Ndidafuna kuyankha ndi mawu aakuluakulu amene timaponyerana m'kalasi, koma onse adandiuma kukhosi. Kenaka adaitana amayi aja ku ofesi, chitseko n'kutseka.

Madzulo ake mayi wa duku uja adandiitana pakhonde pake. Ndidapita nditakonzeka kukangana, koma adandipatsa mpando. Adati ndi mphunzitsi wa Sitandade 1, ndipo m'kalasi mwake mumakhala ana opitirira zana limodzi, kuyambira m'mawa mpaka pakhosi kuuma. Kunyumba akulera adzukulu anayi amasiye. Ndalama za masiku atatu amenewo adasonkha chaka chonse kubanki m'khonde.

"Mwanangu, ana sindidana nawo. Moyo wanga wonse ndapereka kwa ana a eni. Ndimangofuna masiku atatu okha oti ndimve mutu wanga. Kodi ndalakwa?"

Ndikadati chiyani, poti chimene adadzera iwo ndi chomwe ndidadzera ine? Kusiyana kwathu kudali kwakuti iwo adalipira ndi thukuta lawo, ine adandilipirira amalume.

Mawu amene adandilasa kwenikweni adachokera kwa amayi osesa aja m'mawa mwake, akusintha nsalu za pabedi. Ndidawapepesa, ndipo adayankha osandiyang'ana.

"Palibe kanthu, achimwene, mudachita ndi mtima wabwino. Koma inu Lamulungu mukupita. Ine nditsala."

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Ine ndinkayesa mwambiwu umangotiphunzitsa kupirira alendo poti sakhalitsa. Tsiku limenelo ndidaumva mbali inayo: mame akakamuka, wotsala padzuwa ndi mwini munda. Ntchito sadawachotse, adangowachenjeza. Koma kuyambira tsikulo kulira kuja sindidakumvenso. Kamtsikana kaja adakauza kuti kazidikira pansi pa mlambe wa kumsewu, kutali ndi mpanda, ndipo amayi ake ankayenda ulendo wonsewo kawiri pa tsiku, chothamanga, pa nthawi yawo yopuma. Chifundo changa chidangowatalikitsira njira.

Masiku awiri otsalawo ndidawerenga kuposa kale, pakuti bata lidali lokwanira tsopano, ndipo ichi ndicho chimandichititsa manyazi. Sapu ija ndidakhoza. Sindinganame kuti ndikadakhoza ndili ku Ndirande, ndipo sindinganene kuti nyumba zotere zithetsedwe, poti mphunzitsi uja ndamuona ndi maso anga. Chimene ndidaphunzira n'chakuti phokoso silitha. Ukalichotsa pano ndiye kuti walisunthira kwina, ndipo kumeneko kuli wina amene walisenza. Kwathu komwe, masiku asanu ndi limodzi amene ine ndidali kunyanja, ndewu zonse zija ankaletsa okha amayi anga, amene chibadwire sadagonepo m'chipinda chaokha.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ife a m'kagulu ka alembi timakonda kuuika mwambiwu m'ndakatulo zathu pofuna kuonetsa kuti ndife osiyana ndi azungu. Komatu tonsefe tikuphunzira kuti tsiku lina tidzakhale ndi mpanda, geti ndi mlonda. Ndikanena zoona, nanenso ndikufunabe chipinda chija. Ndikadzachipeza, ndikupempha kuti ndidzakumbukire kusuzumira pa zenera la kubafa, ndipo ndisanachite chifundo ndidzayambe ndafunsa mwini wake ngati chifundocho angachikwanitse.

Lamulungu lija ndidafika ku Ndirande kutada. Ndisanatule n'chikwama chomwe, ana adandiunjirira, wina kukhosi, wina m'matumba kufuna usipa umene ndidawagulira. Wamng'ono kwambiri adalira usiku wonse chifukwa cha mano. Ine ndidagona pamphasa, mwendo wa wina uli pamimba panga, osadzuka mpaka amayi adachita kundigwedeza kuti madzi osamba akuzizira.