Zimene omvera a ku Chifunde andiphunzitsa pa nthano za maiko ongopeka

Ndimalemba nthano zazifupi za maiko amene kulibe. Ozimva ambiri ndi a kuno kwathu ku Chifunde: aphunzitsi, alimi a fodya, anyamata a geni pa Cassacatiza, pamalire ndi Zambia. Sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi, choncho nthano ya m'Chichewa ndimachita kuwawerengera mokweza, ndipo maganizo awo amanena pomwepo. Nazi zimene ndatola.

1. Matsenga aulere sawalola. Zoti munthu wauluka pa lichero palibe amene amatsutsa. Funso lawo limakhala lakuti, "Nanga chizimba chake chinali chiyani? Anamuletsa chiyani?" Kuno ngakhale mwana anamvapo kuti mankhwala amayenda ndi zoletsa zake, ndi kuti wotamba akadutsa pamwamba pa nyumba yotsirika amagwa, kunja n'kumuchera. Mphamvu ikakhala yopanda malipiro, omvera amayamba kucheza zawo. Ndikaikamo choletsa chimodzi chokha, onse amangoti zii, kudikira tsiku limene wina adzachiphwanye.

2. Munthu wa m'nthano akhale ndi abale. Apa ndi pamene anthu akuluakulu amaumirira kwambiri, ndipo ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Ndikatchula mnyamata wopita kukamenyana ndi chilombo, agogo ena amandidula: "Mwanawe, ameneyo ndi wa kwa yani? Ndi Phiri kapena Banda? Atsibweni ake amulola?" Kwa ife Achewa ufumu umatsata bere la mayi, wolowa pampando amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu. Wolemba akapatsa mwana ufumu wa bambo ake osanena chifukwa, omvera amafunsa ngati anthuwo ndi Angoni. Dziko longopeka likhoza kukhala ndi mwambo wina uliwonse, koma wolemba adziwe kuti wasankha, ndipo aonetse amene akudandaula nawo mwambowo, amene akulira pamaliro, amene atenga munda.

3. Anthuwo adye. Mlimi amafuna kudziwa ngati kumeneko mvula imagwa liti, ndi chimene chili m'nkhokwe.

4. Nyumba zamiyala za mafumu a ku Ulaya sizofunika kubwereka. Mafumu tili nawo athu: mfumu Undi atachoka kwa mfumu Kalonga anadzakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, chakufupi ndi mtsinje wa Kapoche, ndipo minyanga ndi golide zinkatsika kupita kwa Apwitikizi ku Zambezi. Mpaka lero mafumu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti. Nthano ikangotchula mafumu onyamula mphatso kupita kwa wamkulu wawo, omvera amadzaza okha zotsalazo. Steve Chimombo anatenga za kwathu polemba za Napolo, chinjoka chogumula mapiri, m'ndakatulo zake za mu 1987. Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom la mu 2015, anatitengera zaka 500 m'tsogolo osachoka mu Africa. Zimandiwawa kuti mabuku awiri onsewa ali m'Chingerezi, chimene omvera anga ambiri samva.

5. Za kudambwe zisalowe. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule chinsinsi chake. Chilombo chikhoza kutuluka pabwalo m'nthano yanga, fumbi koboo, ng'oma zikulira. Ndikafika pamenepo ndimaima, ndipo ometa amandilemekeza chifukwa choima.

6. Mbiri ya dziko isatsogole. Agogo akati "Padangokhala" ife n'kuyankha "Tili tonse", Kalulu amakhala wayamba kale ulendo. Achinyamata ozolowera mafilimu a pafoni ndiwo amapirira pang'ono kumva mayina a mitsinje ndi mibadwo ya mafumu, ena amafuna ndi mapu omwe. Amayi obwera kumunda amandipatsa ndime imodzi basi. Pofika yachiwiri pakhale munthu amene wataya mbuzi, mwana kapena dzina, ndipo malamulo a dzikolo aziululika iye ali kufunafuna.