Wosunga Kiyi Wosaoneka

Masiku ano m'maofesi muli kiyi wina wosaoneka ndi maso. Womusunga ndiye katswiri wa makompyuta, amene akhoza kutsegula kapena kutseka intaneti kwa antchito onse. Kodi anthu otere amaigwiritsa bwino mphamvu yawoyi? Ine ndiyankha monga ndaonera.

Achemwali anga amagwira ntchito mu ofesi ina ku Salima. Katswiri wa kumeneko anatseka Facebook ndi YouTube, nati zimachedwetsa ntchito ndi kutha ndalama. Pamenepo sanalakwe ai. Koma pa kompyuta yake ndi ya anzake apamtima anasiya chitsegulire. Choipa koposa, tsiku lina anawaseka achemwaliwo ndi mawu amene iwo analemba m'kalata yawo ya pa intaneti. Anafika kunyumba ali khuma, nakana nsima. Nditawafunsa chifukwa chosakadandaula kwa akulu a ntchito, anati, "Mng'ono wanga, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kompyuta yanga ikafa mawa, adzaikonza ndani?"

Nkhani yotere siyochepa. M'chaka cha 2013 dziko lathu linalira ndi mlandu wa Cashgate. Ena odziwa kulowa m'makompyuta a boma analipira ndalama pa ntchito zosachitika, kenaka nafufuta zolembedwa. Owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza kuti zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anavutika ndi odwala ndi ife ana a sukulu.

Komatu sindinena kuti kutseka n'kulakwa. Ife a kwa Maganga ndife ana a asodzi, ndipo tidziwa za anansi athu a kwa Makanjira. Chaka ndi chaka mfumu imatseka usodzi pa chilumba cha Mbenji m'nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane. Asodzi amamvera, pakuti lamulolo limalengezedwa poyera, chifukwa chake chidziwika, ndipo likhudza mwini bwato ndi wantchito wake chimodzimodzi.

Tsono ndi m'mene ziyenera kukhalira mu ofesi. Malamulo a intaneti alembedwe ndi kupachikidwa pakhoma. Chotsekedwa chitsekedwe kwa onse. Makalata a munthu asawerengedwe popanda mlandu ndi chilolezo cha akulu, makamaka popeza mu 2024 Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu m'makompyuta. Ndiponso pakhale wina woyang'anira woyang'anirayo.

Akatswiri ambiri ndi anthu okhulupirika, ogwira ntchito ngakhale usiku ena ali m'tulo. Ena mwa ife amene tiphunzira makompyuta tidzalandira kiyi ameneyu. Tsiku limenelo tidzakumbukire kuti kiyiyo ndi wobwereka, ndipo eni ake ndi anthu amene tiwatumikira.