Ndalama za kafukufuku sizidzitengera zokha ku Tete

Mzinda wa Tete siusowanso sukulu za ukachenjede monga kale. Instituto Superior Politécnico de Tete inakhazikitsidwa m'chaka cha 2005. UniZambeze ili ndi nthambi yophunzitsa za umoyo mu mzinda momwemu ndi ina ya za ulimi ku Ulónguè m'boma la Angónia. Universidade Púnguè, imene inabadwa m'chaka cha 2019, nayonso ili ndi nthambi yake, ndipo yunivesite ya Akatolika imaphunzitsa za miyala ndi zachilengedwe. Aphunzitsi alipo, ndipo mafunso ofunika kuwafufuza ali mbwee: fumbi la malasha a ku Moatize, nsomba za mu Zambezi kumunsi kwa damu la Cahora Bassa, mbatata ndi chimanga za ku Angónia. Chimene chimasowa ndi ndalama zochitira kafukufukuyo.

Ambiri amati ndalamazo kulibe. Zoona zake n'zakuti zilipo ndithu, koma zimalengezedwa kutali, nthawi zambiri m'Chingerezi, ndipo zimakhala ndi tsiku lotsekera. Boma linakhazikitsa thumba la Fundo Nacional de Investigação m'chaka cha 2005, likulu lake ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500 pamsewu kuchokera ku Tete. Mabungwe akunja nawo amalengeza zawo pa intaneti. Mphunzitsi amene wakhala m'kalasi tsiku lonse pa dzuwa la mu Okutobala, madzulo n'kukaphunzitsanso kalasi ya usiku, amamva za chilengezo chotere patangotsala masiku awiri, mwinanso chitatsekedwa kale.

Pa sukulu ina ya ukachenjede mu mzindawu pali mayi wina amene anaona vutoli n'kulitenga ngati lake. Iwo si mphunzitsi ayi, ndi mlembi wa mu ofesi. Anabadwira ku Angónia, ndipo nkhondo itavuta makolo awo anathawa nawo kupita ku Dedza, monga anachitira anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi. Kumeneko ndiko anaphunzira Chingerezi. Mtendere utasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992 banja lawo linabwerera kwawo, ndipo mayiwa anapitiriza sukulu m'Chipwitikizi. Zimene zinali mavuto a ubwana wawo ndizo zinawapatsa chida chimene aphunzitsi ambiri ophunzira kuposa iwo alibe.

Ntchitoyi anaiyamba ndi kope wamba. Anayenda kwa mphunzitsi aliyense n'kumufunsa funso limodzi lokha: kodi atapeza ndalama lero, angafufuze chiyani? Yankho analilemba pansi pa dzina la mwini wake. Lolemba lililonse m'mawa amakhala pa kompyuta n'kuwerenga zilengezo zatsopano, kope lili pambali. Satumiza chilengezo chilichonse kwa aliyense, popeza anaona kuti munthu akalandira makalata khumi osamukhudza, ya khumi ndi chimodzi imene ikumukhudza saitsegulanso. Akapeza choyenerana ndi funso la wina, amalemba mwachidule m'Chipwitikizi zinthu zinayi: amene akuloledwa kupempha, kuchuluka kwa ndalama, mapepala ofunika ndi tsiku lotsekera. Akatero amapita okha kukagogoda pa chitseko cha mphunzitsiyo.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ndipo madzi analowa m'nyumba za anthu. Mphunzitsi wina wachinyamata, amene abale ake amamwa madzi a pachitsime kufupi ndi mtsinjewo, anafuna kudziwa ngati madzi a m'zitsimemo amakhalanso abwino chigumula chikadutsa, komanso kuti amayera pakapita nthawi yaitali bwanji. Funso lake linagona m'kope muja miyezi ingapo. Kenaka mayi aja anaona chilengezo cha bungwe lina lakunja chimene chinkafuna ofufuza a m'maiko awiri oyandikana kuti apemphe pamodzi. Anakumbukira kuti namondwe yemweyo anasakazanso ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo anathandiza mnyamatayo kulembera kalata mnzake wa pa yunivesite ina ya ku Malawi. Kuchokera ku Tete kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza, munthu amafika ku Blantyre tsiku lomwelo, kufupi kwambiri kuyerekeza ndi ku Maputo.

Pempho loyamba linakanidwa. Mnyamatayo anakhumudwa n'kunena kuti ndalama zotere zili ndi eni ake. Mayi aja sanatsutsane naye. Anangosindikiza ndemanga za owunika n'kukhala naye pansi, kuziwerenga mzere ndi mzere. Owunikawo sanadandaule ndi nzeru ya kafukufukuyo ayi. Anati bajeti sinagwirizane ndi ntchito yolembedwa, ndiponso panalibe mawu osonyeza kuti chilolezo chofunsa anthu mafunso okhudza umoyo wawo chidzapemphedwa, pamene m'dziko muno muli komiti ya boma yoona zimenezi, Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Anakonza zonsezo, ndipo chaka chotsatira pempho linavomerezedwa. Ndalama zake zinali zochepa, zokwanira mafuta a galimoto, mabotolo, mankhwala oyezera madzi ndi kangachepe ka ana asukulu awiri omuthandiza.

Apa m'pamene ambiri amagwa, pakuti akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ndalama za kafukufuku sizilowa m'thumba la mphunzitsi, zimalowa ku akaunti ya sukulu, ndipo metical iliyonse iyenera kukhala ndi lisiti lake. Opereka amafunanso lipoti pa nthawi imene munagwirizana. Sukulu ikalephera kamodzi, dzina lake limaipa ndipo aphunzitsi ena osalakwa amavutika nalo. Mayi aja anagula envulopu yaikulu n'kulembapo dzina la mnyamatayo, ndipo Lachisanu lililonse amamufunsa malisiti. Iye amawatcha amayi, iwo amamutcha doutor monga mwa chizolowezi cha kuno, komabe pa nkhani ya lisiti samusekerera.

Ntchito imene mayiwa amagwira mongodzipereka ili ndi dzina kwina. Mayunivesite akuluakulu ali ndi ofesi yonse yoona za thandizo la kafukufuku, ndipo kuchigawo chino cha Africa kuli bungwe la SARIMA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 2002, limene limaphunzitsa anthu a ntchito imeneyi. Ku Tete ntchitoyi ikatsamira pa mlembi mmodzi wamtima wabwino, tsiku limene iye adzadwale kapena kusamutsidwa kope lija lidzatsekedwa.

Nkhaniyi ikukhudza ngakhale amene sanapondeko pa yunivesite. Pamene mabanja anasamutsidwa kupita ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 pofuna malo a mgodi wa malasha, ofufuza ambiri anabwera kuchokera kutali, anafunsa mafunso awo, n'kukalemba m'zinenero zimene eni nkhani sawerenga. Mphunzitsi wa konkuno akafufuza madzi a pachitsime, amabwerera kwa anthu omwewo kukawauza m'Chinyungwe kapena m'Chichewa kuti madzi awa aziwiritsidwa kufikira mwezi wakuti, chifukwa mawa adzakumana nawo pa msika.

Tsono akuluakulu oyendetsa sukuluzi aganizepo bwino. Kulemba munthu mmodzi wodziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi, kumupatsa desiki, intaneti yodalirika ndi maphunziro a ntchitoyi, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ndalama zimene zimadutsa chaka ndi chaka popanda wozipempha. Inunso aphunzitsi, lembani funso lanu pa pepala limodzi lero, konzani mbiri ya maphunziro anu m'zinenero zonse ziwiri, ndipo pezani mnzanu wa tsidya lina la malire chilengezo chisanatuluke. Kugona pakati n'kuyambirira.