Mfumu ya m'malire

Kalekale ku Ulaya, mfumu yaikulu ikakhala ndi dera loyandikana ndi adani, inkaikako munthu wake n'kum'patsa udindo wa Markgraf, kutanthauza mkulu wa m'malire. Ameneyu ankasunga asilikali akeake, poti nkhondo ikabuka sakanadikira mawu ochokera kulikulu. Ena anakula zedi: a ku Brandenburg anadzaloŵa ufumu wa Prussia mu 1701.

Kwathu kunonso zinachitikapo. Lundu, kuchigwa cha Shire, anali pansi pa Kalonga, koma anakula mphamvu moti Kalonga Muzura anachita kufuna thandizo la Apwitikizi kuti am'gonjetse mu 1622.

Ine ndinakulira kwa Mwambo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo kuseri kwa nyanjayo ndi ku Mozambique. Ndife a m'malire ndithu. Koma mdani wathu masiku ano sabwera ndi mikondo ayi. Nyanja inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018. Matemba anasoŵa, mabwato anagona pamatope. Kodi anthu anakalira kwa yani? Kwa mfumu, pakuti nduna ili kutali ku Lilongwe.

Chondiwawa n'chakuti Markgraf uja ankapatsidwa ntchito ndi mphamvu zomwe. Mafumu athu angotsala ndi ntchito yokha: kuweruza milandu ya minda ya mpunga, kudzudzula osodza ndi maneti a udzudzu, kulemba maina a anjala. Akatha kulemba, nawonso amakhala pansi pa mtengo ngati ife tonse, kudikira galimoto ya chimanga yochokera ku Zomba.