NG'ALA INALI M'MASO A GALIMOTO

Mwezi wa June caka ca 2023 ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni. Tinali kucokera ku maliro ku Mazabuka, ine ndi akazi anga, ndipo mdima unatipeza tikutsika mapiri a Munali. Titapitirira Turnpike, pamene mseu wa ku Livingstone ukumana ndi wa ku Chirundu, tinalowa mu utsi wa moto wa m'thengo wosanganikirana ndi nkhungu ya mtsinje wa Kafue. Mwadzidzidzi akazi anga anakuwa nati, "Atate ake Dalitso, njinga!" Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, ndipo galimoto inaima itakhudza kale thumba la makala, amene kuno timati malasha. Mnyamata mwini njinga anagwera pa udzu nadzuka wopanda bala, koma ine miyendo inakana kundinyamula.

Poyamba ndinaimba mlandu maso anga. Ndinabwera ku Kafue mu 1978 kucokera ku Katete, kudzagwira nchito ya udalaivala pa fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals, ndipo zaka zonsezo usiku sunandiopsepo. Ndinati basi ukalamba wafika. Koma a dotolo atandipima anati maso ali bwino. Amene anapeza nthenda ndi mwana wa mlongo wanga, makanika wa ku Shikoswe. Anasisita nyale za Prado yanga ya mu 2004 ndi cala nati, "Amalume, ng'ala imene mukuifuna m'maso mwanu iri apa."

Zoonadi nyalezo zinali zitayezuka, zacikasu ngati madzi a m'cithaphwi. Zinacita kuzirala pang'onopang'ono, caka ndi caka, mwakuti ine woziona tsiku liri lonse sindinazindikire.

Inu a kumudzi mukumbukira ma Land Rover amene anali kubweretsa alangizi a zaulimi. Nyale zake zinali zozungulira, za galasi leni-leni, ndipo galasi siliopa dzuwa. Magalimoto a masiku ano, makamaka awa ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, ambiri nyale zao ndi za pulasitiki yolimba yochedwa polycarbonate. Siisweka msanga mwala ukaigunda, koma dzuwa limaidya. Cifukwa cace opanga amaikuta ndi kakhungu kopyapyala kocinjiriza. Kakhunguko kakatha ndi dzuwa ndi pfumbi, pulasitiki imapsa, ndipo kuwala kumamwazika m'malo molunjika pa mseu.

Mnzanga wina anandilangiza kupaka mankhwala otsukira mano. Ndinayesa; nyale zinayerako, koma mwezi usanathe zinabwerera mwakale. Winanso anati ndigule mababu a mawati 100 m'malo mwa a 55. Mphwanga anakana kwa mtu wa galu, nati mababu otere amatenthetsa mawaya ndi kusungunula pulagi, ndiponso amathobwa m'maso oyendetsa anzako, pamene ng'ala ikali pomwepo.

Tinaigwira nchitoyo Loweruka m'mawa, pa mthunzi wa mango. Tinatsuka nyale ndi sopo, ndi kumata tepi m'mbali monse kuti tisakale penti. Kenaka tinayamba kukwecha ndi sandipepala wobviika m'madzi, wa nambala 800, tikuyendetsa dzanja copingasa, madzi akuthiridwa kosalekeza. Madzi oyamba kutsika anali acikasu. Atasanduka oyera ngati mkaka tinadziwa kuti khungu lakupsa lacoka.

Apa ndipo mtima wanga unagwa. Nyale inali itacita mbuu, yoipa koposa kale, ndipo ndinayamba kuwerenga m'mutu ndalama za nyale yatsopano. Akazi anga anasuzumira pa zenera nafunsa ngati tatsimikiza kuipha galimotoyo. Mphwanga anangoseka nati, "Dekhani, amalume, sitinafike pakati." Tinatenga sandipepala wa 1500 ndi kukwecha cotsika, wa 2000 copingasanso, potsiriza wa 3000. Kusinthasintha kumeneku kuli ndi nchito: pepala liri lonse limafafaniza mikwingwirima ya linzake, ndipo ukaona mzere wakale ukalipo udziwa kuti sunamalize. Titapukuta ndi polishi pa nsalu yofewa, babu linaonekera mkati monga mwala m'madzi a pa kasupe. Nyale imodzi inatidyera ola lathunthu.

Cimene ambiri amalumpha ndi cotsiriza. Sandipepala amacotsa kakhungu konse, ndipo pulasitiki imatsala yamaliseche. Ukaisiya tero, miyezi yowerengeka yokha cikasu cabwerera. Motero tinapopera vanishi woyera wa nyale, wolembedwa UV pa citini, kawiri mopyapyala, ndi kuisiya galimoto tsiku lathunthu posafika pfumbi kapena madzi. Anyamata ena opukuta nyale m'matauni sapaka zimenezi, ndipo mwini galimoto amabwerako nthawi ndi nthawi, osadziwa cifukwa.

Tinaonanso zina zazing'ono. Waya wa nyale womangidwa ku citsulo ca galimoto unali ndi dzimbiri, tinaupala. Mababu tinasintha onse awiri pamodzi, osagwira galasi lake ndi zala, pakuti mafuta a m'manja amalipsereza msanga. Madzulo tinaimika galimoto pamalo osalala, mamita 10 kucokera ku khoma, ndi kutembenuza zomangira mpaka malire a kuwala anatsika masentimita 10 pansi pa msinkhu wa nyale. Ya kumanzere inali kuyang'ana m'mitengo, pamene kumanzereko ndiko kumayenda anthu a pansi ndi a njinga.

Tsopano Loweruka liri lonse ndimatsuka nyale ndi nsalu yonyowa, osati youma, ndipo galimoto ndimaiimika itafulatira dzuwa. Mnyamata wa makala uja ndinakumana nayenso pa msika wa ku Kafue patapita miyezi iwiri. Ndinamgulira kagalasi kofiira konyezimira ka kumbuyo kwa njinga, ndi kumangirira ndekha ndi waya. Iye anati kam'manga bwino, koma matumba akakhala atatu kamabisika. Tinakasunthira pa thabwa limene amasanjikapo makalawo.